Tsitsi la Bartolomeyo

Chiwanga, 6 Januwale 1921

Achimwene a Samsoni,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ife kuno tilipo, mvula yagwa bwino ndipo chinangwa chaphuka. Amalume a Isaka akudandaula msana monga mwa masiku onse, koma nsomba ikapsa msanawo umayamba wapola. Mwana wathu Hana wagweruka mano awiri akutsogolo, ndipo watengera ine, pakamwa sapuma.

Nanga inu muli bwanji ku Joni? Chaka chatha munalemba kuti mwasiya za mumgodi, tsopano mukusamala odwala m'mutu pa chipatala cha Azungu. Ndinaseka, ndinati Samsoni woopa nkhuku yokhalira mazira uja akagwira bwanji amisala? Lero sindikuseka. Ndikufuna nzeru zanu.

Ndi za alamu anu, a Bartolomeyo. Mukudziwa kuti asilikali anawatenga mu 1917 kukasenza katundu wa nkhondo, ndi kuti anabwerako nkhondo itatha. Chimene ndakhala ndikukubisirani n'chakuti anabwera thupi lokha. Munthu amene ankayambitsa nyimbo pokoka khoka, mawu ake n'kumveka mpaka ku Mtengula, lero amayankha ndi mutu. Akalankhula kwambiri ndi "zikomo" kapena "ayi". Amasoka maukonde bwinobwino, koma chingwe cha khoka sakhudza. Akaona anthu ali pamzere akukoka, amatembenuka n'kukalowa m'bango.

Ndiye tsitsi. Chibwerereni lumo silinafike pamutu pawo. Laphathana, lalendewera mpaka m'mapewa, ndipo ana apamudzi awapekera nyimbo. Ndawachonderera, ndawakalipira, ndalira. Amangogwira mutu ndi manja onse awiri.

Mukuwakumbukira a Abdulkarimu, Msilamu wa ku Nkholongue, bambo wake wa Jafari? Jafari anatengedwa tsiku limodzi ndi alamu anu, koma sanabwere. Tsiku lofika, a Bartolomeyo anati mnzawoyo anapitirira ndi asilikali kunyanja yamchere. Nkhalambayo ikudikirabe. Mwezi uliwonse imapalasa bwato kubwera kuno ndi nsomba ziwiri, kudzamva ngati pali nkhani. Alamu anu akangoona kofia yake patali, ulendo wa kubango, ndipo nsombazo sadya. Ine manyazi amandigwira.

Kumishoni anatipatsa kwinini ndi pemphero. Zonse tamaliza. Funsani adotolo anuwo ngati matenda otere ali ndi dzina, ndipo ngati ali ndi dzina, ngati ali ndi mankhwala.

Ndine mlongo wanu,
Rakele


Joni, 20 Febuluwale 1921

Mlongo wanga Rakele,

Kalata yako yandipeza ndili bwino. Sitampa yake ya Kampani yolamulira kwathuko, ya chithunzi cha nyamalikiti ija, anzanga andilanda kale. Upereke moni kwa amalume ndi kwa Hana.

Wafunsa munthu woyenera. Ine kuno ndimasesa chipinda cha dotolo wamkulu, nkhalamba ya ndevu zofika pachifuwa, ndipo akakondwa amandiphunzitsa. Akuti kufufuza za m'mutu mwa munthu sikunayambe lero. Agiriki akale ankati m'thupi muli madzi a mitundu inayi, ndipo ndulu yakuda ikachuluka munthu amakhala ndwii, osafuna anzake. Kenako kunabwera ena amene anati khalidwe lililonse lili ndi kanyumba kake m'mutu, la kuba pake, la chifundo pake, ndipo ukasisita chigaza ukhoza kumva pamene patupa. Dotolo wathuyu ali ndi chitsulo chonga mphanda za nkhanu choyezera mitu. Wanganso anauyeza. Sanandiuze chimene anapeza.

Ndinamufotokozera za alamu. Sanafunse dzina lawo. Anati misala imayenda m'magazi monga mtundu wa mbewu, ndipo nkhondo imangofulumiza chimene chinali kale m'munthu. Anati zotere sizichira. Koma ngati ukufuna, uyeze mutu wawo ndi chingwe, kuzungulira pamphumi, umange mfundo pamene chathera, unditumizire ndimuonetse.

Tsono mvera mawu anga. Ukadali mtsikana. Bartolomeyo ndi mkamwini pamudzi pathu, ali ndi abale ake ku Maniamba. Abwerere kwawo akamusunge. Usabereke nayenso mwana wina, magazi amenewo angafalikire m'mbumba yathu. Zikupweteka, ndikudziwa, koma anena ndi munthu amene wawerenga mabuku odzaza chipinda.

Ine mlongo wako,
Samsoni


Chiwanga, 4 Epulo 1921

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino, osati chifukwa mtima ukufuna.

Mwaiwala kuti makalata kuno amagawidwa pakhomo la tchalitchi mapemphero akatha? Yanu anailandira amalume, monga eni mbumba, ndipo anaiwerenga mokweza pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe ali pomwepo. Mawu akuti "magazi" anawabwereza katatu. Pofika madzulo, akazi a kudooko anali atadziwa kale kuti Mzungu wa ku Joni waweruza banja langa.

Ndipo kupusa kwanga, ndinayesabe za chingwe zanuzo. Ndinatenga kachingwe ka khonje, ndinawadzera kumbuyo ali pakhonde, ndinakaponya pamutu. Kanatsetsereka n'kugwera m'khosi. Achimwene, mawu amene anatuluka sindinawamvepo kwa munthu. Anadzambatuka, ine n'kugwera pamtondo, chigongono n'kung'ambika. Sanandimenye, anangofuna pothawira. Koma amalume anaona magazi, ndipo tsopano akuti munthuyu ndi woopsa. Anakhala m'bango masiku awiri. Pobwera anagwada pamaso panga, akuyang'ana bala langa. Ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinadzimvera ndekha.

Mukawauze adotolo anu kuti kwathu timati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Magazi oipawo anali kuti zaka makumi atatu zonsezi? Amayi awo ndikuwadziwa, agogo awo ndinawaona, onse anthu olongosoka. Munthu amene sanafunse ngakhale dzina la wodwala, mabuku akewo amawerenga kapena amangokhalira?

Ndipo inu, a Samsoni, pa anthu onse a padziko lino, si inu woyenera kuthamangira kunena kuti a Bartolomeyo achoke. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ndasiyira pomwepo.

Ngati ku Joni kuli dotolo mmodzi yekha, basi. Ngati alipo wina, mufunseni.

Rakele


Joni, 15 Meyi 1921

Rakele,

Kalata yako yandiwotcha m'manja, ndipo ndavomera. Bala lapola? Hana ali bwanji?

Wina alipo. Wabwera mwezi watha kuchokera ku Ulaya, wachinyamata, wosavala chipewa, ndipo ndi dotolo wamkulu sadyera mbale imodzi. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Chitsulo choyezera mitu chija iye amapanira mapepala kuti asauluke.

Ndinamuwerengera kalata yako, kusiyapo mawu okhalira mabuku aja. Choyamba anafunsa dzina la alamu, n'kulilemba. Kenako anandiuza za katswiri wina wa ku Rasha amene amasunga agalu ambiri. Asanawapatse nyama ankayamba wapanga kaphokoso kena, tsiku ndi tsiku. Patapita nthawi, agalu aja ankati akangomva kaphokosoko, dovu chuchuchu, nyama palibe. Akutinso ku Amereka ena anatenga khanda losaopa khoswe, ndipo nthawi iliyonse likafuna kugwira khosweyo ankamenya chitsulo kumbuyo kwake. Mapeto ake khanda linayamba kulira likangoona ubweya. Ine ndinafunsa kuti mayi wake anali kuti, dotolo anangopitiriza nkhani yake.

Mfundo yake ndi iyi: mantha munthu sabadwa nawo onse, ena amachita kuphunzira. Amtengatenga a nkhondo ambiri ankayenda atamangidwa chingwe chimodzi m'khosi. Thupi la alamu linaphunzira kuti chingwe ndi imfa. Ndipo chimene chinaphunziridwa chikhoza kuiwalitsidwa.

Uchite chonchi. Uike chingwe patali, poti angachione koma osathawa, uwapatse chakudya chimene amakonda. Mawa uchisendeze pang'ono. Usafulumire, usakakamize. Anthu a chiphunzitso chimenechi akuti za mumtima sitingazione, ndiye tisataye nazo nthawi, tingokonza zimene munthu amachita.

Za mawu ako otsiriza aja sindiyankha lero.

Samsoni


Chiwanga, 20 Juni 1921

Kwa mphwanga Samsoni,

Ine Isaka, malume wako, ndalemba ndi dzanja langa. Tili moyo. Mwera wayamba, mabwato ali pamtunda.

Tikuthokoza chifukwa cha kalata yako yoyamba. Inatitsegula maso. Yachiwiri sindinaione, mlongo wako anaithamangira yekha kusitima, ndipo tsopano akuyendayenda ndi chingwe pabwalo ngati woweta mbuzi. Sindikudziwa chimene unamuuza.

Ankhoswe a mbali zonse takambirana. Sitikudana naye Bartolomeyo, anali mkamwini wolimbika. Koma wakhetsa magazi a mwana wathu, ndipo pano pali ana. Abale ake a ku Maniamba avomera kudzamutenga. Kumeneko kulibe bango lothawiramo, kuli thengo la mikango, choncho akuti adzamulowetsa mwendo m'chipika kuti asasochere. Chipikacho ndasema ndine, cha muwanga, ndipo bowo lake ndalisalaza kuti lisamudye khungu.

Apadiri apempha kuti tidikire mpaka tsiku la woyera mtima amene iye anatengera dzina, pa 24 Ogasiti. Tavomera. Akapanda kusintha pofika tsikulo, apita. Ulembere mlongo wako aleke kulimbana ndi akulu.

Isaka


Chiwanga, 2 Julayi 1921

Achimwene,

Moni. Bala linapola, latsala chipsera. Za tsiku limene amalume aika mwamva kale, sindibwereza.

Za agalu anu ndachita. Ndinayamba ndi chingwe chili patsinde pa mango, iwo ali pakhonde, m'mbale muli mpasa yootcha ndi chinangwa. Tsiku loyamba anadya akuyang'ana kumbali. Ndinkasendeza phazi limodzi patsiku. Anthu ankabwera kudzaonerera, ena mpaka kubwera ndi mipando. Lero ndikulemba chingwe chili pamphasa pomwe amakhala, ndipo dzulo anachisuntha okha ndi dzanja pofuna mchere. Mumuuze dotolo wachinyamatayo kuti pamenepo wanena zoona, ndipo ndikuthokoza.

Koma achimwene, ine sindinakwatiwe ndi galu. Chingwe akugwira, inde. Kulankhula salankhula. Tsitsi ndi lomwe lija. Hana akawakwera pamiyendo amamusisita, maso ali kwina. Lolemba a Abdulkarimu anabwera, ndi mphepo yonseyi, atanyowa mpaka m'chiuno, nsomba ziwiri m'manja. Alamu anu anadumpha chingwe chomwe chija n'kuthawira m'bango. Nanga nkhalamba imeneyi nayo ndiiike patsinde pa mango ndizisendeza phazi limodzi patsiku?

Amalume akuti kugwira chingwe si kuchira, ndipo koyamba m'moyo wanga ndikugwirizana nawo. Anthu anuwo akuti za mumtima zisiyidwe chifukwa sizioneka. Ine ndimagona pafupi ndi mtima umenewo, ndimaumva ukugunda. Muli kanthu mmenemo.

Funsaninso. Masiku akutha.

Rakele


Joni, 9 Julayi 1921

Mlongo wanga,

Sindinalandire yankho lako pa za chingwe, koma sindidikira. Pali zimene ndiyenera kunena.

Dotolo wachinyamata uja wandiuza za chiphunzitso china, chimene anthu a agalu amachiseka, nachonso chimawaseka. Chinayamba ndi dotolo wina wa mumzinda wa Viyena. Iye akuti mtima wa munthu uli ngati nyumba yokhala ndi chipinda chamkati. Chinthu chikakhala chowawa kwambiri, kapena chochititsa manyazi, munthu amachikankhira mmenemo n'kutsamira chitseko. Mphamvu zake zonse zimathera potsamirapo. Ndipo chinthucho chimatulukabe, kudzera m'maloto, kapena mwendo kufa popanda bala, kapena lilime kuuma. Akuti asilikali ambiri a Chizungu anabwera kunkhondo ali osalankhula chimodzimodzi. Ophunzira a dotoloyu ena anamugalukira, wina akuti gwero ndi kudziona wochepa, wina akuti timalota maloto a makolo athu. Mkangano wawo sunathe, ndipo sindikuganiza kuti udzatha.

Koma kachiritsidwe kake nkosavuta kunena. Wodwala amagona, dotolo amakhala kumutu kwake, kumbuyo, poti asaonane maso. Ndipo amakhala chete. Safunsa, sadzudzula, satonthoza. Amangodikira. Ndikudziwa kuti kwa iwe, Rakele, kukoka khoka wekha nkopepuka kuposa kukhala chete. Yesa.

Tsono za ine. Pofuna kundionetsa mmene chitseko chija chimadziwikira, dotolo anatenga wotchi, n'kumatchula mawu amodziamodzi kuti ndiziyankha liwu loyamba lobwera m'mutu. "Moto," ndinati utsi. "Mayi," ndinati bere. Atati "bwato" pakamwa panga panauma. Wotchi inkangoyenda. Kenako ndinapezeka ndikumuuza zonse.

Ukudziwa, koma ndilembe ndi dzanja langa. Asilikali ankafuna mwamuna mmodzi pa nyumba yathu, ndipo dzina lolembedwa linali langa. Ndinatenga bwato n'kuthawira ku Likoma. Atandisowa anatenga mkamwini. Chingwe chimene chinalowa m'khosi mwa Bartolomeyo chinali changa. Dotolo wamkulu atanena za magazi ndinakondwa, Mulungu andikhululukire, chifukwa ngati ndi magazi ndiye kuti si ine. Ndinkafuna achoke kuti ndikadzabwera kumudzi ndisadzamuone.

Kalata yanga yoyamba ija ndaibweza. Uwauze amalume choncho.

Samsoni


Chiwanga, 14 Ogasiti 1921

Achimwene,

Mwakhala chete, kapena ndi nyanja. Sitima ya mishoni sinaoneke chiyambire Julayi, akuti mwera waitsekera kumwera. Kalata ino ndapatsira anthu a bwato la matanga, kaya ifika.

Kwatsala masiku khumi. Chipika chili kuseri kwa nkhokwe ya amalume, achifunditsa mphasa kuti ndisachione. Hana anachipeza, analowetsamo mwendo wake posewera, n'kubwera kudzandifunsa kuti n'cha chiyani. Ndinamuuza kuti n'chopondera mafuta.

Nzeru zandithera. Ndangoganiza chimodzi: ngati apita, sapita ndi tsitsi limenelo. Ndiwameta, afune asafune, kuti abale awo akaone nkhope ya munthu. Lumo ndanola kale.

Rakele


Chiwanga, 5 Sepitembala 1921

Achimwene a Samsoni,

Moni, ndipo ulendo uno ndi wochokera mumtima. Khalani pansi, kalatayi ndi yaitali.

Yanu inafika Lolemba pa 22, kutatsala masiku awiri. Ndinaiwerengera pamchenga pomwepo. Za bwato zija tidzakamba pamaso. Za dotolo wa ku Viyena ndinayamba ndaseka. Mwamuna agone masana dzuwa likuswa mtengo, mkazi akhale kumutu kwake, pamudzi pano? Akanasema chipika chachiwiri. Koma ndinakumbukira kuti pali nthawi imodzi imene mkazi amakhala kumbuyo kwa mwamuna wake popanda womudabwa, ndiyo pomumeta. Ndipo lumo linali lonola kale.

Lachiwiri m'mawa anali pansi pa mango akusoka ukonde. Ndinagoneka mtondo kumbuyo kwawo, ndinakhalapo, madzi m'chipanda. Nditangogwira tsitsi, anandigwira dzanja. "Usandimete." Masiku onse pamenepa mpamene ndinkayambira mlandu. Ndinadziwa kuti pakamwa panga sindingapakhulupirire, choncho ndinamwa madzi a m'chipanda muja osameza. Lumo ndinaika pansi. Ndinangoyamba kupatula tsitsi ndi zala, monga timachitira pofuna nsabwe.

Mthunzi unachoka kudzanja lamanja kufika pamapazi. Masaya anandiwawa. Kenako zala zanga zinakhudza kanthu kolimba pankhongo, komangiriridwa mkati mwa tsitsi. Kanali kachikopa kosokedwa mbali zonse, kaja Asilamu amavala m'khosi, amati hirizi. Anadziwa kuti ndakapeza. Ndikanakhala wopanda madzi m'kamwa ndikanafunsa mafunso khumi, ndipo akanathawira m'bango. Ndinangokhala.

Anati, "Maliro sanathe. Munthu sameta maliro asanathe."

Achimwene, ife tonse, ndi apadiri, ndi madotolo anu awiri, panalibe anaganizapo. Kwathu timasiya tsitsi pamaliro mpaka tsiku lometa, ngakhale kumishoni amati n'zachikunja. Koma ndani akanaganiza za maliro popanda womwalira? Munthu ankalira maliro yekha zaka zitatu, ife n'kumati wapenga.

Analankhula akuyang'ana ukonde, singano ili m'manja. Jafari anali patsogolo pawo pa chingwe. Anadwala kamwazi, anayenda masiku anayi akudzikoka, lachisanu anagwa. Msilikali analamula a Bartolomeyo kuti amumasule, atenge katundu wake. Anamumasula ndi manja awo, anamutsamiritsa pa mtengo wa mlambe. Jafari anapempha madzi. Mzere unali utayamba kale kuyenda, chingwe chinawakoka khosi, ndipo anapita. Pobwerera, patapita miyezi, anapatuka pa mlambe uja. Anapeza mafupa ndi kachikopako. Anakumba ndi chikwanje, anakwirira, ndipo kachikopako anabisa m'tsitsi kuti asalandidwe panjira. Atafika padooko lathu, munthu woyamba kuwathamangira anali a Abdulkarimu, akumwetulira, akuyang'ana kumbuyo kwawo. Bodza linatuluka lokha. Chinenereni bodzalo, anati, mawu ena onse ankamveka ngati mabodza, ndiye anawasiya.

Madzi aja sindikudziwa kuti ndinameza nthawi yanji. Sindinawatonthoze. Ndinangotsamiritsa mphumi yanga pamsana pawo.

Lachitatu mapemphero atatha, abale a ku Maniamba anali pabwalo, amuna anayi, chipika chili pakati. A Bartolomeyo anatuluka okha, anakhala pansi pamaso pa amalume, n'kunena kuti, "Amalume, ndili ndi uthenga wa maliro wa ku Nkholongue. Ndachedwa nawo. Ndikabwerako mundimange." Inu mukudziwa kuti wonena maliro satsekeredwa njira, ngakhale ndi mfumu. Amalume anangofunsa kuti, "Wamwalira ndani?" Atamva, anavula chipewa, n'kulowa m'nyumba kukatenga ndodo. Tinapita tonse, ndi a ku Maniamba omwe.

Tinafika dzuwa litapendeka. A Abdulkarimu anali pakhonde akupota chingwe. Alamu anu anagwada patali, ndinamasula kachikopa kaja m'tsitsi mwawo, anakapereka ndi manja awiri. Nkhalamba inakatembenuza, inaona msoko wa malemu mkazi wake, inanena mawu ena a Chiarabu. Kuseri kwa nyumba Siti, mkazi wa Jafari, anayamba kulira. Zaka zinayi mwana wamkazi uja sankadziwa ngati ndi mkazi wa munthu kapena wamasiye.

Atamva zonse, a Abdulkarimu anafunsa, "Pomukwirira unamuyang'anitsa kuti?"

"Sindinkadziwa mwambo wanu, bambo. Ndinamuyang'anitsa kunyanja, kwawo."

"Mulungu akudziwa kumene kuli Maka, kumene ife timayang'anitsa akufa. Madzi unamupatsa?"

Mtima wanga unati, anene kuti inde. Iwo anati, "Ayi. Anapempha, sindinamupatse."

Nkhalamba inalira osabisa nkhope. Kenako inati, "Bodza lako landipalasitsa bwato zaka zitatu, ndipo landipweteka. Koma pa anthu onse a pa chingwe chija, wabwerera pa mlambe ndiwe wekha. Ife Asilamu sitimeta maliro. Iwe walira mwa kwanu, ndikumeta mwa kwanu." Anaitanitsa lumo. Anawameta okha m'mawa mwake, sadaka ya maliro isanayambe, ndipo a Bartolomeyo anadya mpunga ndi nsomba za pakhomo limenelo.

Sindikunena kuti achira ngati mmene malungo amachokera. Masiku ena amakhalabe ndwii, nyimbo sanayambe. Koma a ku Maniamba anabwerera okha. Chipika chija amalume akuti n'chabwino kukhalira posoka ukonde, ndipo akunena ngati anasemera zomwezo.

Dotolo wachinyamatayo mumuthokoze. Mumuuzenso kuti ngati akulemba buku, aonjezeremo za madzi m'kamwa.

Mlongo wanu,
Rakele


Chiwanga, 16 Okutobala 1921

Alamu a Samsoni,

Ndine Bartolomeyo. Dzanja laiwala kulemba, mundikhululukire mizere yokhota.

Rakele wandiwerengera makalata anu onse, ndi yoyamba yomwe. Sanafune, ndinachita kumuumiriza. Ndamva za Agiriki, za agalu, ndi za chipinda chamkati. Aliyense wa anthu amenewo anaona kachigawo kake. Sindikuwanyoza. Ndikungodabwa kuti anayenda kutali chotero kufuna chimene mkazi wanga anachipeza atakhala pamtondo.

Za bwato la ku Likoma ndinkadziwa kuyambira tsiku lomwelo. Panjira ndinakutukwanani kambiri, sindibisa. Koma nanenso ndinasiya munthu pansi pa mtengo kuti ndikhale moyo, ndiye sindingakhale woweruza wanu.

Mwakhala ku Joni zaka zinayi osabwera ngakhale pa Khirisimasi. Hana sakukudziwani nkhope. Ine ndikuona kuti nanunso simunamete, kungoti lanu silioneka. Bwerani. Mtondo ulipo, ndipo ulendo uno wokhala kumbuyo ndidzakhala ine. Kukhala chete ndikukudziwa kuposa mlongo wanu.

Dzulo ndinagwira chingwe cha khoka, kumapeto kwenikweni, ndipo anandipatsa gawo langa la usipa. A Abdulkarimu anandipempha kuti mvula ikadzatha ndidzawaperekeze pa mlambe uja. Tidzanyamula chipanda cha madzi a m'nyanja.

Dotolo wandevu uja mumuuze kuti mutu wanga tsopano uli mbee. Akafuna kuuyeza abwere, koma ayambe wafunsa dzina langa.

Mlamu wanu,
Bartolomeyo